Njinga Yagwa, Sitata Ikuzungulira Koma Injini Siikulira: Poyambira Ndi Pati?

Vuto ili limachuluka dzinja likafika kuno ku Joni. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi mvula imakonda kubwera masana ndi mabingu, ndipo ndi nthawi yomweyo imene maoda a chakudya amachuluka chifukwa makasitomala safuna kutuluka m'nyumba. Tala amaterera, maenje amabisala m'madzi, maroboti amazima, ndipo tekisi imaima pomwe yaonera munthu. Mnzathu wagwa, wadzuka, wadzutsa njinga, koma akadina sitata ikungoti tchetchetche, injini osalira. Oda ikuzizira m'bokosi, foni ikulira.

Musanagwire njinga dziyang'aneni nokha. Munthu akangogwa thupi limakhala lotentha ndipo ululu umabwera mochedwa. Ngati mutu unagunda pansi, kapena khosi, nthiti ndi dzanja sizikumveka bwino, imbani 112 pafoni yam'manja kapena 10177 ya ambulansi, njingayo idikire. Ngati pangoziyo wina wavulala kapena katundu wa wina wawonongeka, lamulo la kuno limafuna kuti nkhaniyo ikanenedwe kupolisi pasanathe maola 24. Jambulani zithunzi musanasunthe chilichonse.

Tsopano za njinga. Mfundo imene ndikufuna isachoke m'mutu mwanu ndi iyi: mphindi imodzi yapitayo injiniyo inkalira bwinobwino. Chimene chikuiletsa kulira ndi chimene kugwako kwachita, ndipo kugwa kumachita zinthu zochepa zodziwika: kumatayira petulo ndi oyilo kumene siziyenera kufika, kumakankha maswichi, kumazula mawaya ndi mapayipi, kumaphwanya mbali imene yagunda pansi. Anzathu ambiri amathamangira kusitolo kukagula CDI (kabokosi kolamula nthawi yoponya moto mu injini) ndi koilo (yokweza magetsi opita kupulagi), n'kubwerera njinga ili chikhalire osalira, ndalama ya sabata yatha. CDI siifa kawirikawiri chifukwa choti njinga yaterereka pakona. Yambani ndi zosafuna ndalama, ndipo kumbukirani mbali imene inagwera, chifukwa mbaliyo ndiyo ikuuzeni kokafufuza.

Chinanso, lekani kufinya sitata. Dinani masekondi 5, pumulani masekondi 10. Batire la njinga zazing'onozi ndi laling'ono, silichedwa kutha, ndipo likatha mwadziwonjezera vuto lachiwiri pamwamba pa loyamba.

Zosafuna sipanala

Zimitsani kiyi. Kankhirani njinga kunja kwa msewu, muiimike mowongoka, makamaka pastandi yapakati. Nunkhizani. Ngati petulo akudontha pathanki kapena papayipi, musadinenso sitata mpaka mutapeza pomwe akutulukira, ndipo wosuta aliyense atalikire.

Onani swichi yofiira ya kudzanja lamanja, ngati njinga yanu ili nayo. Pogwa chala kapena tala amaikankha munthu osadziwa. Panjinga zina ikazimitsidwa sitata siizungulira n'komwe, koma pa zina sitata imazungulira ndithu, moto wa pulagi wokha ndi umene umadulidwa. Ikankheni uku ndi uku kangapo, chifukwa mchenga ndi madzi zikalowa mkati imatha kuoneka yoyatsa pamene siinagwire. Kenako ikani giya pafiri, kwezani standi yam'mbali mpaka m'mwamba, gwirani kilatchi. Njinga zina zili ndi kaswichi pastandi yam'mbali kamene kamadula moto standi ikakhala pansi, ndipo kali pamalo oipa zedi: pansi kumanzere, pomwe pamayamba kukhula tala. Onani ngati sikanaphwanyike kapena waya wake sanaduke.

Onaninso kampopi ka petulo pansi pa thanki. Bondo limakapotoza pogwa. Ngati petulo anali wochepa kale ndipo wina watayika njinga ili chigonere, kapotozereni pa RES, polowera petulo wapadera wotsalira pansi pa thanki.

Ngati njinga yanu ndi ya FI, yolowetsa petulo mu injini ndi pampu yamagetsi m'malo mwa kabuleta (chosakaniza petulo ndi mpweya), pali china. Zambiri mwa izo zili ndi kachipangizo kamene kamazindikira kuti njinga yagona, n'kuzimitsa injini dala kuti pampu isamapope petulo pangozi. Kuti kabwerere m'malo, njinga iime chilili, muzimitse kiyi, mudikire pang'ono, n'kuyatsanso. Poyatsapo tcherani khutu pathanki: pampu iyenera kulira mwakachetechete masekondi awiri kapena atatu n'kusiya. Ikapanda kulira, ganizirani fyuzi ya pampu, swichi yofiira ija, pulagi ya mawaya a pampu, kapena kachipangizo komweko katazuka pamalo pake n'kumalendewera chopendekeka. Kakakhala chopendekeka kamaganiza kuti njinga ikadali pansi. Pobwezera onani chizindikiro cha UP chiloze kumwamba. Ngati nyale ya FI ikuphethira mobwerezabwereza, werengani kuti ikuphethira kangati, mukauze makaniko.

Petulo wosefukira

Njinga zambiri zimene abale athu amayendetsa potumiza katundu, monga Bajaj Boxer, Honda Ace 125, TVS HLX ndi Big Boy, ndi za kabuleta, ndipo pa izi vuto limene ndimayamba kulikayikira ndi ili. Pansi pa kabuleta pali kakapu kosungira petulo, mkati mwake muli choyandama chimene chimatseka petulo kakapuko kakadzadza. Zonsezi zimagwira ntchito njinga ikakhala chilili. Ikagona, choyandamacho sichitsekanso, petulo amayenderera kulowa mu injini ndi m'bokosi la fyuluta ya mpweya. Pulagi yoponya moto mu injini imanyowa, ndipo pulagi yonyowa ili ngati machesi ogwera m'madzi: mukwecha mpaka bokosi kutha.

Kuno vutoli limakula chifukwa cha kukwera kwa malo. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, kuposa Lilongwe ndi mamita ngati 700. Mpweya ndi wopepuka, choncho kabuleta imakhala kale ikupereka petulo wochulukirapo poyerekeza ndi mpweya umene ukulowa. Mukawonjezera wosefukira uja, n'kukokanso choki, imene imawonjezera petulo, monga timachitira m'mawa wa Juni, mwaimiza injini kotheratu.

Chitani chonchi. Tsekani kampopi ka petulo. Choki ikhale yosakoka. Potozani moto wakudzanja, chogwirira cha kumanja chowonjezera liwiro, mpaka kumapeto n'kuugwira pomwepo, osaupopa. Dinani sitata masekondi 5, pumulani, bwerezani katatu kapena kanayi. Mukutero mukulowetsa mpweya wambiri wouma kuti uchotse petulo wochulukayo. Injini ikayamba kutsokomola, bwezani dzanja msanga isakuwe, kenako tsegulani kampopi. Nthawi zina kungoisiya mphindi khumi ili chilili kumakwanira. Njinga zambiri za FI nazonso zimadula petulo mukazungulitsa injini moto uli wotsegula mpaka kumapeto, ndiye njira yomweyi imathandiza.

Apa pali chenjezo limene sindikufuna mulidumphe. Ngati sitata yazungulira pang'ono n'kuima ndi kugunda, kuti gu, kapena kiki yauma osatsika, siyani pomwepo. Mwina petulo kapena oyilo wadzadza pamwamba pa pisitoni. Zamadzi sizifinyika, ndipo mukakakamiza, kapena anzanu akakukankhani kuti ilire ndi giya, mukhoza kupinda ndodo ya pisitoni. Masulani pulagi, kiyi akhale wozimitsa, phimbani bowolo ndi kansanza, pondani kiki pang'onopang'ono kuti zamadzizo zituluke. Nkhope ikhale kutali ndi bowo.

Pulagi ndiyo mboni

Zikakanika zimenezi, tulutsani sipanala ya pulagi. Amene amayenda wopanda sipanala imeneyi ndi pulagi yapadera pansi pa mpando akudzizunza dala, chifukwa ndi zinthu zotchipa kuposa oda imodzi yotayika.

Yambani ndi chipewa cha pulagi. Chimatulukira m'mbali mwa injini, ndiye chimagunda pansi kapena kukokedwa. Chingaoneke ngati chili pamalo pomwe chakwera pang'ono. Chikanikizeni mpaka mumve chagwira. Onani ngati sichinang'aluke, ndiponso ngati waya wonenepa wochokera kukoilo sanazuke m'chipewamo. Pa zambiri amangolowa mopotoza, ndiye mutha kudula kansonga kowonongeka n'kumupotozeranso.

Masulani pulagi muiyang'ane kunsonga. Ikakhala yonyowa ndipo ikununkha petulo, petulo akufika: mwina wachuluka, mwina moto palibe. Ikakhala youma gwa pambuyo pozungulitsa injini kangapo konse kaja, petulo sakufika. Ikakhala yakuda ndi yonata, ndi oyilo.

Kuyesa moto n'kosavuta koma anthu amakuchita mosasamala. Pukutani pulagi, kapena tengani yatsopano ija. Ilowetseni m'chipewa chake, mugunditse mbali yake yachitsulo pachitsulo cha injini, kutali ndi bowo la pulagi ndi kabuleta chifukwa mpweya wa petulo ukutuluka pamenepo. Gwirani parabala, osati pachitsulo. Yatsani kiyi, dinani sitata. Moto wabwino umathetheka wabuluu ndi kumveka kuti tse tse tse. Padzuwa la masana suoneka, ndiye tchingani ndi jekete. Musazungulitse injini chipewa chikungolendewera popanda pulagi yogunda chitsulo, chifukwa magetsi akasowa kopita amatha kuwononga koilo kapena CDI imene inali yabwinobwino. Mpata wa kunsonga kwa pulagi panjinga zambiri zazing'onozi umakhala 0.6 mpaka 0.7 mm, ngati pulagi inagwa pansi mpatawo n'kutsekeka, moto sungadumphe.

Ena amawotcha pulagi yonyowa ndi laita. Zimathandiza ndithu, koma chitirani kutali ndi njinga, ndipo dziwani kuti pulagi imene yamira kwambiri nthawi zina imathetheka panja n'kukana ikalowa mkati. Yatsopano imathetsa mkangano.

Moto palibe

Apa ndi pamene pamafunika kudekha, chifukwa malo okayikitsa ndi ambiri koma onse ndi ofikirika.

Batire poyamba. Kugwa kumamasula mabawuti a mitu ya batire. Sitata imatha kuzungulira ndi mutu wogwedera, koma magetsi otsala n'kukhala osakwanira moto, makamaka pa FI ndi panjinga zimene CDI yake imadya kubatire. Mangani mitu yonse iwiri, onaninso waya wakuda kapena wobiriwira umene umamangidwa pafelemu. Ngati muli ndi mita, batire lodzadza limaonetsa mavoti 12.6 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo podina sitata lisatsike kwambiri pansi pa 10. Mulibe mita? Yesani kiki. Ikalira ndi kiki koma n'kukana ndi sitata, batire ndiye lafooka. Ngati batire lanu ndi lothira madzi, onani ngati asidi sanatayikire pamawaya, mutsukepo ndi madzi ambiri.

Fyuzi muione ndi maso, kapena muisinthe ndi yapadera ya nambala yomweyo. Ikapsanso nthawi yomweyo, pali waya amene wasupuka n'kumagunda felemu. Musamange ndi nsambo kapena pepala la siliva la m'paketi ya fodya. Mudzawotcha mawaya onse.

Kenako pitani pakhosi pa njinga, kuseri kwa nyale yakutsogolo. Pogwa mahandulo amakhota mwamphamvu mpaka kugunda, ndipo mtolo wa mawaya ochokera kukiyi ndi kumaswichi umakokeka kapena kupanidwa pamenepo. Kanikizani pulagi iliyonse ya mawaya imodziimodzi. Gwedezani mtolowo kiyi ali woyatsa, muone ngati magetsi a padashibodi akuphethira. Panjinga zambiri zotengera kapangidwe ka Honda, waya wakuda wa mzere woyera ndi umene umazimitsa injini ukagunda felemu. Ukasupuka n'kukhudza chitsulo, zonse zimaoneka bwino, sitata imazungulira, koma moto umathawira pansi. Tsatirani mawaya mpaka pa CDI ndi pakoilo pansi pa thanki, muone ngati palibe chozuka.

Pali mawaya ena amene fakitale siinaike, ndipo ndi amene ndimawakayikira kwambiri: a chotchajira foni, a nyale ya pabokosi, a alamu, a thiraka (kachipangizo kolondola kumene njinga ili). Amalumikizidwa mongopota n'kukulunga tepi, ndipo sapirira kugwa. Njinga zambiri zarendi ndi zolipira pang'onopang'ono zili ndi thiraka yotha kudula injini, ndipo waya wake umodzi ukazuka njinga imachita ndendende zimene tikukambazi. Ngati njinga si yanu, musadule kapena kulumpha waya aliyense wa thiraka. Imbirani abwana eni njinga kapena kampani, muwauze kuti mwagwa, aone ngati siinatsekedwe kuchokera kwawoko. Kuigwiragwira nokha kungaoneke ngati mumafuna kuba, ndipo mlandu wotere kwa mlendo m'dziko la eni ndi wolemera.

Tsopano funso lija la mbali. Ngati inagwera kumanzere, yang'anani chivundikiro cha injini cha mbali imeneyo. Panjinga zambiri zazing'ono mkati mwake muli magineto ndi kakoilo kakang'ono kamene kamauza CDI nthawi yoponya moto. Chivundikiro chikang'aluka, chikabonyoka, kapena oyilo akamadontha pamenepo, n'kutheka kuti zamkati zakhudzidwa. Tsatirani mawaya otuluka pamenepo kukwera m'mwamba. Amadutsa pafupi ndi tcheni ndipo pulagi yolumikiza mawayawo imazuka. Makaniko amayeza makoilo amenewa ndi mita m'mphindi zochepa. Muuzeni ayeze musanalole kugula chilichonse, ndipo ngati akunena kuti ndi CDI, abwereke ya njinga ina yofanana ayese kaye. Pamalo odikirira maoda ku Rosebank, Sandton kapena Fordsburg, Boxer yofanana ndi yanu siisowa.

Moto ulipo, pulagi youma

Ndiye petulo sakufika. Kuti mutsimikize, donthezani petulo pang'ono kwambiri m'bowo la pulagi, madontho ochepa chabe, bwezerani pulagi, dinani. Ikalira kamphindi n'kuzima, mwapeza mbali yake.

Zulani payipi ya petulo pakabuleta, muiloze m'botolo, tsegulani kampopi. Ayenera kutuluka moyenderera. Akamadontha, tsegulani chitsekerero cha thanki: akayamba kuyenda, kabowo kopumira thanki katsekeka. Akapanda kusintha, ndi kafyuluta ka petulo kapena kampopi. Kugwa kumavundula dzimbiri, zinyalala ndi madzi zimene zinakhazikika pansi pa thanki kwa zaka, zonse n'kuthamangira kumeneko. Njinga zina kampopi kake kamatseguka ndi mpweya wokokedwa ndi injini kudzera m'kapayipi kakang'ono. Kakazuka, petulo satsika ngakhale thanki ili yodzadza.

Petulo akamafika pakabuleta, masulani sikuluwu ya pansi pa kakapu kaja. Pakapanda kutuluka kanthu, choyandama chakakamira chotseka. Gogodani kakapuko pang'onopang'ono ndi chogwirira cha sikuludiraiva, osati ndi sipanala. Akatuluka, muwakhe m'chotsekera botolo muone ngati mulibe timadontho ta madzi kapena zinyalala. Mukazipeza, tayani mpaka atuluke woyera. Ngati zalowa kale m'kajeti kakang'ono koyambitsira injini, kabuleta iyenera kumasulidwa ndi kutsukidwa, ndipo imeneyo si ntchito ya m'mbali mwa msewu wa Louis Botha mvula ikugwa.

Musaiwale rabala yolumikiza kabuleta ndi injini. Kabuleta imatha kuzuka pang'ono kapena rabalayo kung'ambika, injini n'kumakoka mpweya wokhawokha. Igwedezeni ndi dzanja, siyenera kusewera.

Pulagi ikakhala ya oyilo, tsegulani bokosi la fyuluta ya mpweya. Injini ili ndi payipi yopumira imene imathera m'bokosimo, ndipo njinga ikagona nthawi yaitali oyilo amadutsa momwemo n'kunyowetsa fyuluta. Pukutani bokosilo. Fyuluta yasiponji imachapika, yapepala ikanyowa oyilo yatha ntchito. Mutha kuiliza kamphindi popanda fyuluta kuti muone ngati ndi imeneyo, koma musayende nayo choncho ndi fumbi la kuno.

Zonse zilipo koma ikukanabe

Mverani kalilidwe ka sitata. Ngati ikuzungulira mopepuka ndi mothamanga kuposa kale, popanda kuja kolemera ndi kupepuka mosinthana, injini siikufinya mpweya. Masulani pulagi, kiyi wozimitsa, tsekani bowo ndi chala chachikulu, mnzanu aponde kiki. Mpweya uyenera kukankha chalacho mwamphamvu. Ukakhala wofooka, nkhani ili mkati: valavu yopindika kapena yosatseka, tcheni cha taimingi chodumpha, kapena kuwonongeka kobwera chifukwa injini inapitiriza kukuwa ili chigonere oyilo osafika kumutu. Izi sizichitika kawirikawiri pakugwa kwapang'ono, koma zimachitika. Makaniko akayeza ndi geji, kumbukirani kuti mpweya wa kuno ndi wochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu poyerekeza ndi wa ku Durban, ndiye geji imaonetsa nambala yotsika kuposa ya m'buku ngakhale injini ili bwino. Asakumasulireni injini chifukwa cha kusiyana kokhako.

Chomaliza chimene chimasokoneza ngakhale odziwa: moto ulipo wamphamvu, petulo alipo, mpweya ukufinyika, koma injini ikungophulika kuekizozi kapena kukabuleta, kiki n'kumabwezera mwendo. Gudumu la magineto limagwidwa pamalo ake ndi kakiyi kakang'ono kachitsulo. Injini ikaima mwadzidzidzi, monga tayala lakumbuyo likagwidwa pangozi, kakiyiko kamatha kuduka, gudumu n'kusuntha pang'ono, moto n'kumabwera nthawi yolakwika. Kachitsuloko n'kotchipa, koma kuchotsa gudumulo kumafuna chokokera chake. Wina akatenga hamala kuti aligogode, tengani njinga yanu mupite kwina.

Ikalira, musathamangire oda. Utsi woyera kapena wabuluu kwa mphindi zingapo ndi oyilo amene analowa muekizozi akupsa, ndipo uyenera kuchepa n'kutha. Zimitsani, dikirani pang'ono, yezani oyilo njinga ili chilili. Akachepa wonjezerani. Akakwera kupitirira mzere ndipo akununkha petulo, petulo watsikira mu injini, oyiloyo asinthidwe tsiku lomwelo. Injini ikulira pafiri, khotetsani mahandulo mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri: ikakuwa yokha, kebulo ya moto yapanidwa kapena yasuntha njira. Moto wakudzanja uzibwerera wokha mukausiya, ndipo mphira ya kumapeto kwa handulo ikabonyoka imaugwira. Gwirani mabuleki onse awiri, kankhani njinga muone ngati tayala lakutsogolo likuloza kumene mahandulo akuloza, yesani masiginolo ndi nyale ya buleki. Ngati njinga ndi yarendi, tumizani zithunzi kwa eni ake tsiku lomwelo, ndipo mulembe zimene mwagwira ndi zimene simunagwire.